Mimba zisanu ndi ziwiri, ana anayi

Mutu unayamba kundiwawa tsiku lachitatu nditabereka. Unali mwezi wa Juni, kukuzizira, ndipo ndinali nditatuluka kale ku kiliniki ya kufupi ndi Sinda kumene ndinachirira. Uchembere unayenda bwino. Sanandicheke, magazi sanatayike ambiri, ndipo mwana, wamkazi, analira atangobadwa. Choncho mutuwo sindinauwerengere. Ndine mphunzitsi wa giredi folo, mutu ndimakhala nawo chaka chonse. Ndinamwa panado n'kugona.

Dzina langa ndine Esinati. Pa nthawiyo ndinkakhala m'nyumba ya pasukulu ndi amuna anga, a Yohane, amene amalima soya ndi mpendadzuwa. Mwanayo anali wathu woyamba. Apongozi anga anabwera kuchokera kumudzi kwawo kufupi ndi Mkaika kudzandisamala m'chikuta, masiku aja amene mayi ndi khanda amabindikira m'nyumba kudikira kuti mchombo ugwe. Amayi anga ondibereka amakhala ku Vubwi, kufupi ndi malire. Anali asanamalize kukolola ndipo mwendo unkawavuta, ndiye tinagwirizana kuti abwera mwezi ukatha.

Chiyambire ubwana wanga nyama sindinkaifuna. Si za tchalitchi, si zoletsedwa ndi munthu, fungo lake lokha linkandichititsa nseru. Ndikadzikakamiza pa ukwati kapena pa Khirisimasi, mawa lake ndinkadzuka ndi mutu, kusanza, ndi tulo tosakoma tomwe tinkandipanikiza tsiku lonse. Kukoleji anzanga ankanditcha mbuzi chifukwa ndinkasinthanitsa nthuli yanga ndi repu wawo. Kwathu ankangoti Esinati ndi wosankha ndiwo, ndipo nanenso ndinkadziona choncho.

Apongozi zimenezo sanafune kuzimva. Mkaka wanga unkachedwa kutuluka, mwana akulira, ndiye anati ntchembere singachire ndi masamba. Anapha nkhuku. M'mawa phala la soya lothira nsinjiro, masana nkhuku, madzulo mazira, pakatipakati mkaka wa ng'ombe wowiritsa. Ankachita zimenezi chifukwa chondifunira zabwino, ndipo mayi aliyense kwathu kuno akanachita chimodzimodzi. Ine ndinkangomeza, chifukwa ndani angakankhe mbale mwana wake akulira ndi njala? Kenako ndinayamba kusanza chilichonse, ngakhale madzi, mpaka ndinasiyiratu kudya.

Kuyambira pamenepa zambiri zimene ndinene ndinachita kuuzidwa. Akuti ndinayamba kuyankha zosagwirizana ndi funso. Akuti ndinayang'ana mwana ali pabere langa n'kufunsa kuti ndi wa ndani. Loweruka m'mawa apongozi atapita kumjigo, ndinatuluka m'nyumba. Anakandipeza m'kalasi yopanda ana, nditavala chitenje ndi juzi ya amuna anga, ndikulemba pabolodi zinthu zosawerengeka. Mwana ndinali nditamusiya pakhomo, pasimenti yozizira, wosafunda kanthu. Apongozi ndi amene anamutola pobwera kumjigo, atayamba kuzizira miyendo. Anamuika pachifuwa pawo mkati mwa bulauzi mpaka anatenthanso.

Kuchokera m'mawa umenewo sanandipatsenso mwana m'manja. Sindiwaimba mlandu. Koma kudwala kwanga konse, kwa ine, nkhani yake ndi imeneyo. Kufa sindinkakuopa chifukwa sindinkadziwa kuti ndikufa. Chimene ndinavutika nacho pambuyo pake chinali chakuti kodi mwana uja adzabwereranso kwa ine.

Anthu pasukulu anati ndi misala ya uchembere, imachitika, imatha yokha. Amayi a kumpingo anabwera kudzapemphera, anaimba, ndipo akuti nane ndinaimba nawo bwinobwino ndime zonse, zomwe zinawalimbitsa mtima kuti ndikuchira. Ena ankanong'onezana zina, monga mudziwa. Panapita masiku awiri tikudikira kuti zithe zokha. Litafika tsiku limene ndinalephera kudzuka pamphasa, a Yohane anandikweza pangolo kupita nane ku kiliniki. Kumeneko anayeza malungo osawapeza, anayeza kuthamanga kwa magazi kuli bwino, ndipo nesi sanachedwe nafe. Anati pitani ku Katete lero lomwe.

Ku chipatala chachikulu anandigoneka mu wodi ya amayi. Moyo wa kumeneko ndi wodikira. M'mawa odikirira odwala amatulutsidwa kuti akolope ndiponso kuti madokotala ayendere odwala. Akatha, zitseko zimatsegulidwa, anthu n'kulowa ndi mabeseni ndi makontena a chakudya. A Yohane ankakhala pabenchi panja pa wodi, kenako pamzere wa ku labu, kenako pabenchi pomwe paja. Apongozi ankagona kumalo a odikirira odwala, mwana ali kumsana, akumumwetsa mkaka wa m'chitini. Madokotala anachita zonse zimene anayenera kuchita. Anayezanso malungo, shuga, magazi, anatenga madzi a pamsana kuopa matenda oumitsa khosi, anandipatsa mankhwala a m'mitsempha podikira zotsatira. Zotsatira zinkabwera zabwinobwino, ine ndikumirabe.

Panali chinthu chimodzi chodabwitsa. Akandiika diripi ya madzi a shuga kwa tsiku lathunthu, ndinkatsitsimuka. Ndinkatsegula maso, kuzindikira amuna anga, kupempha madzi. Apongozi akaona choncho ankathamanga kukaphika kuti ndipeze mphamvu, ndipo ankandimwetsa ndi supuni mazira osakaniza ndi mkaka. Pofika madzulo ndinkabwereranso kutulo. Zinachitika kangapo, koma palibe amene anagwirizanitsa ziwirizi, poti wodwala akadzuka amapatsidwa chakudya basi.

Pa nthawi ina yotsitsimuka choncho, dokotala wamkazi amene ankayang'anira wodiyo anakhala pambali pa bedi n'kuyamba kundifunsa za kwathu. Zimenezi ndimazikumbukira, ngakhale mwa apo ndi apo. Anafunsa ngati alipo wa khunyu kapena wa misala kubanja kwathu, ndinati ayi. Anafunsa kuti m'mimba mwa amayi tinabadwamo angati. Ndinati anayi, tonse akazi, tonse amoyo. Anafunsa ngati pali mwana amene anamwalira ali wamng'ono. Ndinati palibe.

Sindinaname. Kwathu mwana amene wamwalira asanatuluke m'chikuta, asanapatsidwe dzina, timati ndi nthayo. Sauzidwa maliro, sakhomeredwa bokosi, amuna sapitako. Amayi achikulire ndi amene amamukulunga n'kukamuika mwakachetechete, ndipo mayi wake amauzidwa kuti asalire, kuopa kuti angatseke njira ya ana ena. Pambuyo pake satchulidwanso, ndipo powerenga ana sawerengedwa. Ndili wamng'ono ndinaonapo amayi ali ndi pathupi, kenako alibe, ndipo azakhali anangotiuza kuti mlendo wabwerera. Tinapita kukasewera. Funso la dokotala lija silinafike n'komwe pamalo amenewo m'mutu mwanga. A Yohane atafunsidwa anayankha chimodzimodzi, poti iwo sankadziwa kalikonse.

Sabata yachiwiri ndinasiya kudzuka ngakhale ndili pa diripi. Akanditsina ndinkangosuntha dzanja. A Yohane anaimbira foni ku Vubwi kuti amayi abwere, ngakhale mwendo ukuwavuta. Amayi anakwera njinga yamoto mpaka pamsewu, kenako maminibasi awiri, ndipo anafika masana atatupa phazi. Dokotala anawafunsa mafunso omwe aja. Pa za ana anayankha kuti anayi.

Kenako anakhala pampando pambali pa bedi langa mpaka nthawi yotulutsa anthu. Akuti sanapemphere, ankangoyang'ana chifuwa changa. Ndinkapuma mofulumira ndiponso mozama, ngati munthu amene wakwera phiri atasenza mtolo, chonsecho ndili chigonere. M'mawa mwake, odikirira odwala akutulutsidwa, amayi anaima pakhomo pa wodi n'kukana kusuntha. Amayi anga ndi munthu woopa yunifomu, moti ngakhale mlonda wa pageti amamugwadira. Tsiku limenelo nesi anawauza kawiri kuti atuluke, iwo ali chiimire, mpaka dokotala anafika.

"Adokotala, dzulo ndinakuuzani kuti anayi," anatero. "Koma mimba zinali zisanu ndi ziwiri."

Dokotala anawatengera pambali, a Yohane akumva.

"Atatuwo anali amuna. Ankabadwa onenepa bwino. Tsiku loyamba ayamwa, lachiwiri ayamba kukana bere, angogona. Kenako ayamba kupuma mmene akupumira mwana wangayu. Palibe amene anatha sabata. Kapumidwe aka ndikukadziwa."

Dokotala anafunsa ngati kumtundu kwa amayi kunachitikaponso zotere, ndipo amayi anati amayi awo, ambuya anga, nawonso ankadziwika kuti sasunga ana aamuna. Anafunsanso za kadyedwe kanga. A Yohane anati mkazi wawo chikwatirane sanamuonepo akumaliza nthuli ya nyama, kupatula masiku a m'chikuta omwewa. Dokotala analamula nthawi yomweyo kuti ndisapatsidwe dzira, mkaka, nyemba kapena chilichonse chomanga thupi, anawonjezera shuga wa mu diripi, n'kupita kukaimba foni ku Lusaka. Anauza a Yohane kuti akuganizira matenda osowa kwambiri a m'chiwindi, ndipo kuyeza kwake ndi makina ake zili ku Lusaka.

Ulendo wa ambulansi sindiukumbukira. Amayi ndi a Yohane anapita nane, apongozi anabwerera ku Mkaika ndi mwana. Ku Lusaka ananditenga magazi n'kuwathamangitsira ku labu ali m'kabokosi ka madzi oundana, chifukwa chimene ankafuna kuyeza chimasintha magazi akakhalitsa. Anapeza kuti m'magazi mwanga mwadzaza poizoni wotchedwa amoniya. Anandilumikiza ku makina otsuka magazi, omwe aja amathandiza odwala impso, ndipo anandiyambitsa mankhwala othandiza kutaya poizoniyo.

Ndinadzuka patapita masiku angapo. Choyamba kuona chinali denga loyera ndi chingwe cha diripi. Mabere anga anali atauma. A Yohane anandionetsa chithunzi pa foni, khanda lovala chipewa chofiira, n'kundiuza kuti mchombo unagwa kalekale ndipo anamupatsa dzina lakuti Tamanda. Ndinachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Sindinamve kanthu. Ndinati ndi wokongola, chifukwa ndinaona kuti akudikira kuti ndinene chinachake.

Dokotala wa ku Lusaka, bambo wodekha wa imvi, anatifotokozera tonse atatu ndili pa njinga ya odwala. Ndibwereza mmene ndinamvera, mwina wina zimuthandiza. Zakudya zomanga thupi, monga nyama, mazira, mkaka, soya ndi nyemba, thupi limaziphwanya kukhala tizidutswa totchedwa ma amino asidi. Tina limamangira minofu, totsala limatiwotcha, ndipo powotchapo pamatsala amoniya. Chiwindi chimatenga amoniyayo n'kumusandutsa yureya, amene timataya pokodza. A Yohane anafunsa ngati ndi yureya yemwe uja wa feteleza wobereketsa, ndipo dokotala anati ndi yemweyo, thupi limapanga wakewake. Ntchito yosandutsayo imayenda m'magawo angapo motsatana, ndipo gawo lililonse lili ndi langizo lake m'chibadwa chimene timatengera kwa makolo. Langizo limodzi likalakwika, ntchito yonse imaima pamenepo, amoniya amabwerera m'magazi n'kukafika ku ubongo. Mwa ine ankaganizira gawo limene amalitcha OTC.

Anati langizo limeneli mwana wamkazi amalandira awiri, la kwa mayi ndi la kwa bambo, ndiye limodzi likakhala lolakwika linalo limagwirizira. N'chifukwa chake ndinakula, kuphunzira mpaka kuyamba ntchito, thupi langa likudziteteza lokha pokana nyama. Mwana wamwamuna amalandira limodzi lokha, la kwa mayi ake, ndipo likakhala lolakwika kwambiri sapirira ngakhale mkaka wa m'mawere. Ine chinandigwetsa ndi uchembere. Mayi akangobereka thupi limaphwanya minofu yake yambiri pobwerera m'malo, ndiye kuwonjezera nkhuku ndi mazira, kenako kusadya konse, chiwindi changa chinalephera.

Amayi anamvetsera zonsezo manja ali pamiyendo. Atatha anafunsa funso limodzi.

"Ndiye kuti ana aja ndinawapha ndine?"

"Ayi, amayi," anatero dokotala. "Nanunso munangolandira. Palibe amasankha. Ndipo uyu mwamupulumutsa ndinu."

Titatuluka, amayi anakhala pabenchi ya mukhonde n'kuyamba kulira. Zaka zonsezo anali asanawalirepo ana amenewo. Analira mokweza, ngati pamaliro, anthu odutsa akuganiza kuti wina wangomwalira kumene mu wodi. Ine ndinali pambali pawo ndikuyang'ana munthu amene ankakolopa. Ndinkadziwa kuti ndiyenera kuwagwira dzanja, ndipo ndinawagwiradi, koma ngati mmene munthu amagwirira chitsulo cha m'basi.

Ndinatuluka m'chipatala kutayamba kutentha. Ananditenganso magazi ena oti akayezedwe kunja kwa dziko kuti atsimikize za chibadwacho, ndipo anati yankho litenga miyezi. Ndinabwerera ku Sinda ndi mankhwala a ufa osungunula m'madzi, owawa ngati sopo, komanso malangizo a kadyedwe. Thupi linali lofooka, koma chovuta kwambiri chinali mutu. Ndinkaiwala chimene ndalowera m'chipinda. Manja ankanjenjemera ndikagwira choko. Ana a m'kalasi yanga ankabwera kudzandiona, ine osakumbukira maina awo, ndiye ndinkangoti iwe, iwe. Kusukulu anandipatsa tchuthi chodwala cha matemu awiri.

Tamanda anakhalabe ku Mkaika. Poyamba zinali zomveka, chifukwa sindikanatha ngakhale kumusambitsa. Tinkapita kukamuona Loweruka. Apongozi ankandiyalira mphasa, n'kundiika mwana pamiyendo, koma dzanja lawo silinkachoka pansi pa msana wake. Akafuna kupita kukhitchini ankamutenga n'kupita naye. Sankanena mawu oipa. Ankandifunsa za thupi, kundiphikira nkhwani wopanda nsinjiro monga anauzidwira, n'kutiperekeza mpaka pamsewu. Ine sindinkakwiya. Ndinkakwera minibasi n'kumayang'ana minda pawindo, m'mtima muli zii. Ndinafunsapo dokotala ngati kusamva kanthu kumeneku ndi mbali ya matendawa. Anati ubongo wavulala ndipo umachira pang'onopang'ono, komanso munthu amene wadutsa m'zoterezi nthawi zina amakhala choncho. Anandiuza kuti ndisasiye kupita kukamuona mwanayo, kaya ndikumva kanthu kaya ayi.

Choncho ndinkapita. Yankho la magazi linabwera mvula itayamba, lotsimikiza zimene ankaganizira. Ndinabwerera ku ntchito. Maina a ana anayamba kukhazikika m'mutu. Tamanda anayamba kukhala, kukwawa, kumera mano, ine ndikuziona Loweruka lokhalokha.

Tsiku lina tili pabwalo ku Mkaika, mwana anaimirira atagwira bondo langa. Anasiya bondolo, anaponda kamodzi, kawiri, n'kukagwera m'manja mwa ambuya ake akuseka. Apongozi analulutira. Ine ndinamva chinthu chikundibaya pansi pa nthiti, chowawa kwenikweni, moti ndinagwira pamenepo. Inali nsanje. Ndinachita nsanje ndi mayi wachikulire amene anandisungira mwana wanga pafupifupi chaka chathunthu. Ndinachita nayo manyazi, koma chinali chinthu choyamba kuchimva chidwalire, ndipo m'minibasi pobwerera ndinauza a Yohane kuti mwana ndikumufuna kunyumba.

A Yohane anakalankhula ndi amayi awo. Apongozi anakana. Anati iwo ndi amene anamutola pasimenti paja, ndipo akatseka maso amamuonabe. Anafunsa kuti nanga zikadzayambanso iwo ali ku Mkaika, bambo ali kumunda, adzamutola ndani? Kukangana ndi apongozi si khalidwe limene ndinaleredwa nalo. Ndinangowapempha kuti pa tsiku langa lokaonana ndi dokotala ku Katete tipitire limodzi, akafunse okha.

Anavomera. Tinakhala pamzere kuyambira m'mawa, iwo mwana ali kumsana, mpaka tinalowa kwa dokotala wamkazi uja. Sanawanyengerere. Anawauza kuti sangalonjeze kuti sindidzadwalanso, koma kuti matendawa si misala ndipo sabwera mwadzidzidzi ngati mphezi. Amayamba ndi mutu, kusanza, kukana chakudya ndi kugona kwambiri, ndipo munthu akathamangira ku chipatala pa zizindikiro zimenezo n'kuikidwa diripi ya shuga, safika posokonezeka. Apongozi anafunsa motsitsa mawu.

"Nanga nkhuku zija?"

Dokotala anati ngakhale popanda nkhuku ndikanatha kudwala ndithu, ndipo panalibe munthu m'nyumbamo amene akanadziwa. Apongozi anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti mawuwo sanawafike pamtima. Titafika pa siteji ya Katete, m'malo mokwera galimoto ya kwawo, anakwera nafe ya ku Sinda. Anakhala nafe mpaka nyengo yokolola, akugona ndi mwana m'chipinda chaching'ono, akundiyang'ana mmene ndikumusambitsira, mmene ndikumudyetsera, mmene ndikumwera mankhwala anga. Kenako anayamba kupita kumsika n'kutisiya awiri. Tsiku lina m'mawa anamanga katundu wawo, anati chimanga chawo chikudyedwa ndi chiswe kumunda, ndipo a Yohane anawaperekeza. Zovala za Tamanda anazisiya zitapindidwa pabedi langa.

Panopa ndili bwino, ngakhale matendawa sachoka. Ndimaphunzitsa tsiku lonse. Mankhwala ndimamwa tsiku lililonse, ndipo kuwapeza n'kovuta, nthawi zina timachita kuitanitsa ku Lusaka mwezi usanathe. Zomanga thupi sindinazisiyiretu, chifukwa nazonso thupi limazifuna, koma ndimadya zoyeza ndi supuni monga anandiphunzitsira a zakudya ku chipatala. Nsima, mbatata, chinangwa, masamba ndi zipatso ndimadya mokwanira, ndipo sindilola kukhala ndi njala. Kumpingo akalengeza kusala kudya ine sindisala nawo, abusa akudziwa chifukwa chake. Ndinagonekedwapo kamodzi nditadwala malungo n'kuyamba kusanza. Tinapita tsiku lomwelo, anandiika diripi, ndipo nzeru sizinandichoke. Za mwana wina takambirana ndi madokotala, ndipo pakadali pano taima kaye.

Abale anga atatu aja anauzidwa kuti akayezetse. Awiri anapita, ndipo mmodzi anamupeza nacho chibadwachi ngakhale sanadwalepo. Wachitatu akuti sakufuna kudziwa, ndipo sindimukakamiza, ndimangomukumbutsa. Tamanda nayenso tinamuyezetsa, ndipo anatengera kwa ine. Sakudwala, akukula bwino, amaonedwa ku chipatala nthawi ndi nthawi. Akadzakula adzauzidwa zonse, kuphatikizapo zakuti anali ndi amalume atatu.

Kwa amene mukuwerenga, ndili ndi mawu ochepa. Mayi amene wangobereka akayamba kusanza, kugona mosadzuka kapena kulankhula zosamveka, musadikire kuti zithe zokha, ndipo musayambe mwakhala pansi kukambirana kuti wachita ndani. Pempherani muli m'njira yopita ku chipatala. Khanda limene linayamwa bwino likayamba kukana bere, kufooka ndi kupuma mofulumira, thamangani nalo ngakhale mchombo usanagwe. Munthu amene chibadwire amadwala akadya nyama musamukakamize, ndipo mukauze dokotala za khalidwe limenelo ngakhale likuoneka lopanda pake. Matenda anga ndi osowa, ndipo ambiri amene ali ndi zizindikiro zimenezi adzapezeka ndi zina, koma zinazo nazonso zimafuna chipatala msanga. Ndipo dokotala akakufunsani za ana a kubanja kwanu, awerengeni onse, ndi aja amene anaikidwa ndi amayi okhaokha. Mwambo sindikuunyoza, koma m'chipinda cha dokotala ana amenewo atchulidwe. Kukhala chete kwathu kunanditayitsa masiku amene ubongo wanga unkawonongeka, ndipo masiku amenewo ananditengera chaka choyamba cha mwana wanga.

Chaka chimenecho sichibwerera. Tamanda tsopano amalankhula, ndipo poti aliyense pasukulu pano amanditcha amadamu, nayenso nthawi zambiri amanditcha choncho. Ndimayankha. Akagwa pabwalo n'kudzisupula bondo, amalira akuitana ambuya ake a ku Mkaika. Amene ndimathamanga kukamunyamula ndine, ndipo masiku ano sandikankha.